Mapazi Atatu Kumbuyo kwa Ndodo

Mu ufumu wa Zidzatheka, umene mapu ake anayamba kujambulidwa kalekale ndipo akujambulidwabe, munali munthu wina wotumikira dziko, Olemekezeka a Bizaliele Chiyambi. Ndikati wotumikira musaseke ayi. Bamboyu anatumikira zaka makumi atatu ndi zinayi osapuma, ndipo umboni wake ulipo mpaka lero. Mukapunthwa pa mwala pena paliponse mu Zidzatheka, weramani, pukutani fumbi, mupeza dzina lawo.

Ntchito yawo inali kuyika miyala ya maziko. Anayamba ali khansala wamng'ono, tsiku lomwe anayika mwala wa chimbudzi cha msika wa Pang'onopang'ono. Anthu anaomba m'manja, amayi anavina, a Chiyambi anamva kukoma mumtima, basi matenda n'kuwalowa. Chimbudzicho sichinamangidwe, koma iwo anakwezedwa. Atakhala nduna ya misewu anayika miyala. Atakhala nduna ya zaumoyo anayika miyala. Ku unduna wa madzi, miyala. Ku unduna wa nsomba, miyala, ina mpaka pachilumba chopanda munthu. Pomwe panalibe choyikira mwala ankamanga riboni pakati pa mitengo iwiri n'kudula ndi sizasi yawo yagolide, imene inkagona m'thumba la jekete. Mawu awo otsanzikira anali amodzimodzi chaka ndi chaka: "Gawo loyamba latha. Gawo lachiwiri komiti idzalengeza." Komitiyo palibe anaionapo, ngakhale mlonda wa pa ofesi yake.

Madandaulo atachuluka, Mfumu Yasamulani Wachitatu inaitanitsa bwalo la nduna, a Chiyambi atapita kukayika mwala kwina.

"Alimi akulira, Mfumu," inatero nduna ya ulimi. "Makasu atha mano. M'munda umodzi wokha tapezamo miyala isanu: wa sukulu, wa bwalo la ndege, wa damu, wa sukulu ina, ndi wina wofufutika womwe eni ake aiwala kuti unali wa chiyani."

"Phiri lomwe tinkaswako miyala latha," inawonjezera nduna ya migodi. "Patsala dzenje. Dzulo a Chiyambi afunsa ngati m'dzenjemo angayikemo mwala."

Mfumu inayasamula, monga mwa dzina lake. "Ndiye tiwachotse?"

Nduna zonse zinagwira pakamwa. Ku Zidzatheka munthu wotumikira chotere sachotsedwa, amakwezedwa.

"Chabwino," inatero mfumu. "Kodi m'dziko muno muli malo amene munthu angavale bwino, n'kulankhula tsiku lonse, osawononga kanthu?"

Nduna ya maphunziro, yomwe inkayesa kuti funsolo ndi lopambanira mphoto, inakweza chala. "Ku yunivesite, Mfumu."

Umu ndi momwe a Chiyambi anakhalira Chansala wa Yunivesite ya Chipiriro. Kwa osadziwa, Chansala ndi munthu woonekera kamodzi pachaka, tsiku la madigiri. Amavala mkanjo wofiira, amatenga chipewa chake chofewa n'kugunda nacho pamutu pa wophunzira aliyense, akuti, "Ndakuveka." Akamaliza onse amatseka mwambo. Ntchito ndi yomweyo basi. Koma ku Zidzatheka mutu womwe sunagundidwe ndi chipewacho ulibe digiri, kaya unawerenga mabuku mpaka kuthothoka tsitsi. Nduna zinaona kuti ntchito yophweka chotere ngakhale a Chiyambi sangailephere. Palibe anakumbuka kuti ndi ntchito yofuna kumaliza.

Pa yunivesitepo panali mkulu wina, a Yotamu Kamtedza, wonyamula Ndodo ya Nzeru. Ndodoyo ndi ya mlombwa, yotalika kuposa munthu, mutu wake wamkuwa, ndipo ndiyo imatsogolera Chansala tsiku la madigiri. A Yotamu anainyamula zaka makumi awiri ndi ziwiri. Masiku enawo ankapukuta mipando. Anaona ana a eni ake zikwizikwi akuvekedwa, iwo ali chiimire pambali pa Chansala. Chaka chimenechi pamndandanda panali Zelifa, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anaphunzira zomanga milatho.

Vuto linali maso. Ng'ala inali itawagwira onse awiri. Chinthu chikakhala pafupi, powala bwino, ankachiona. Chikapitirira mapazi atatu chinkasanduka utsi. Dokotala anawauza mosabisa kuti mvula ikamadzabweranso sadzaonanso kanthu. Mkuluyo sanadandaule. Anangoti, "Bola ndione chipewa chikutera pamutu pa mwana wanga. Zikatero kude, ndilibe nazo mawu."

Tsikulo linafika mvula itangosiya kumene. Holo inadzaza tho. Ophunzira mazana atatu anakhala m'mikanjo yakuda, makolo kumbuyo ndi maluwa apulasitiki, bandi ya apolisi pakona. A Yotamu analowa ndi Ndodo, a Chiyambi pambuyo pawo akukoka mkanjo wofiira wa zingwe zagolide, umene ankaukonda kuposa ana awo obala. Atafika pa maikolofoni anatsokomola, n'kuyamba.

"Ana anga, pamene ndinkayamba kutumikira dziko lino, munthu ankatha kuyenda tsiku lathunthu osapunthwa. Lero taonani zala zanu zakumapazi."

Anatchula miyala yawo umodziumodzi, tsiku lake, ndi kwaya yomwe inayimba. Zinatenga maola atatu. Mkulu wina kumbuyo anagona, n'kudzuka, n'kufunsa mnzake ngati mwana wake wayamba kale ntchito. Pomaliza a Chiyambi anatulutsa riboni, anaimanga kuchokera pa maikolofoni kukafika pa mwendo wa mpando, n'kuidula.

"Ndatsegulira mwambo uno. Gawo loyamba latha. Gawo lachiwiri komiti idzalengeza."

Anapinda zolankhula zawo, n'kuyang'ana pomwe pali khomo.

Pafupi nawo panakhala mlembi wamkulu wa yunivesite, Mayi Dolofe, amene ophunzira ankawatcha Ndimeyanji chifukwa ngakhale ukawapatsa moni ankafuna kudziwa ndime ya malamulo yomwe wachokera. Mayiyu analibe mbali. Sankakonda Chansala, sankakonda ophunzira, ankangokonda buku la malamulo, lomwe ankayenda nalo kukhwapa.

"Bwana Chansala," ananong'ona, "ophunzira simunawaveke."

"Amenewo ndiwo gawo lachiwiri, mayi."

"Koma mwambo simunatseke."

"Mayi, ine ndatumikira maunduna asanu ndi anayi. Palibe anandipemphapo kutseka kanthu. Otseka alipo ena, muwafufuze."

Mayi Dolofe anatsegula buku. "Ndime yachisanu ndi chitatu, bwana. Mwambo usanatsekedwe, Chansala ayende mapazi atatu kumbuyo kwa Ndodo, kulikonse kumene Ndodo ipita. Akaisiya, uchansala wathera pomwepo. Avule mkanjo, asiye galimoto."

A Chiyambi anasisita zingwe zagolide zija. Anaganizanso za galimoto yawo yatsopano, ya sayirini yomwe inkathawitsa nkhuku za maboma awiri.

"Palibe vuto," anatero. "Iwe wa ndodo, tsogola. Ku galimoto."

A Yotamu anaima kanthawi. Mawu akuti gawo lachiwiri ankawadziwa bwino kuposa munthu aliyense m'holomo, ndipo mtima unawawawa. Anakweza Ndodo, anatsika masitepe, anatuluka panja. Dalaivala anatsegula chitseko cha galimoto. A Yotamu anaidutsa galimotoyo ngati adutsa chulu, n'kulunjika kugeti.

"Iwe, galimoto ndi iyi," anatero a Chiyambi.

"Ndamva, bwana."

"Ukupita kuti nanga?"

"Ndodo ikuyenda, bwana. Samalani, mapazi akwana anayi."

A Chiyambi anathamanga pang'ono n'kubweza atatu. Anaitana apolisi awiri kuti amulande mkuluyo Ndodo. Apolisiwo atatambasula manja, Mayi Dolofe, omwe ankatsatira ali wefuwefu, anawerenga ndime yachisanu ndi chinayi: mwambo uli mkati, Ndodo sikhudzidwa ndi munthu wina koma wolumbira yekha.

"Ndiye lumbiritsani wina msanga," anatero a Chiyambi.

"Amalumbiritsa ndi a Komiti ya Malumbiro, bwana. Munaitsegulira mwezi watha. Sinakumanebe."

Ndime yakhumi inkati ophunzira atsate Chansala, choncho onse mazana atatu ananyamuka pamzere, monga mwa zilembo za maina awo. Makolo anatsata ana. Abandi anatsata makolo, poti palibe anawauza kuti aleke kuyimba. Mtolankhani wa Wailesi ya Ufumu anakwera kabaza, n'kuyamba kuuza dziko lonse kuti Chansala watsopano, mwa nzeru zake zakuya, waganiza zoyendera zitukuko wapansi. Mfumu itamva pa wailesi inati zimenezo ndi zomwe inkafuna poyamba pomwe.

Mzere unafika pa msika wa Pang'onopang'ono. Pakati pa msikawo panali Anasibeko, mayi wa mandasi, amene agulitsa pamalo amodzi zaka zambiri. Beseni lawo linali pamwamba pa mwala wosalala bwino.

"Takulandirani, bwana," anatero Anasibeko, osadzuka. "Mwabwera gawo lachiwiri?"

A Chiyambi anauzindikira mwalawo, nkhope n'kuwala. "Uwu ndi woyamba wanga. Wachimbudzi. Taonani, zilembo zikadaoneka."

"Tikuusamala, bwana. Ndimaupukuta m'mawa uliwonse. Mlendo akapanikizika n'kufunsa kuchimbudzi, ndimamuuza kuti wafika, angodikira pang'ono."

Msika wonse unaseka chamumtima, pakamwa pali duu, poti apolisi anali pomwepo. A Chiyambi anayesa ndi chiyamiko, anafuna kuyankhulapo mawu ochepa, koma Ndodo inali itapita kale. Anasibeko anayang'ana mzerewo, anaona anthu mazana ambiri omwe sanadye chichokere m'mawa, anasenza beseni n'kutsatira.

Kunja kwa tauni anafika pa Msewu Waukulu wa Umodzi. Msewuwo uli ndi phula lokwana mapazi khumi, pomwe anadulira riboni. Kutsogoloko ndi fumbi ndi mayenje. Nsapato za a Chiyambi, zosongoka, zozolowera kapeti ndi galimoto, zinayamba kuwaluma. Komabe poyamba ankasangalala, chifukwa miyala yawo inali mbali zonse ndipo ankaipatsa moni ngati abale. Uwu wa fakitale ya shuga, uwo wa sitediyamu, uko wa nyumba yosungiramo mbiri ya miyala. Pa uliwonse panali wina akuchitapo zake, kaya kuyanika thelere, kaya kunola chikwanje.

Pa mwala wina waukulu panagona mbuzi ziwiri. Apa a Yotamu anachepetsa liwiro.

"Uwu ndikuukumbuka," anatero a Chiyambi, akupukuta thukuta ndi mkono wa mkanjo. "Chipatala cha Maso. Kunabwera makwaya asanu ndi awiri."

"Ndinalipo, bwana. Maso anali akadali bwino nthawi imeneyo. Ndinaona zonse."

"Unali mwambo wokongola, eti?"

"Wokongola kwambiri, bwana. Adokotala akuti pakanakhala chipatala apa akanandipala ng'ala."

"Ayi, zimenezo zili mu gawo lachiwiri," anatero a Chiyambi mokoma mtima, ndipo ndikukuuzani, ananena ndi mtima woona.

Dzuwa litafika paliwombo, matuza anaphulika. Mkanjo uja unayamba kulemera, fumbi litausandutsa wofiirira. Woyimba lipenga lalikulu anali atasiya kuliza, akungolinyamula. A Chiyambi anayandikira mpaka mapazi awiri, Mayi Dolofe n'kutsokomola, iwo n'kubwerera pa atatu.

"Mkulu, dzina lako ndani kodi?"

"Yotamu, bwana."

"Yotamu, tiye tikambirane ngati akuluakulu. Ukufuna chiyani? Nyumba? Mawa lomwe ndibwera kudzakuyikira mwala."

"Ndili nayo iwiri kale kumunda, bwana."

Nthawi yomweyo mtsikana wina anachoka pamzere, atagwira kapu yake kuti isauluke, n'kufika pambali pa mkuluyo. Anali Zelifa.

"Ababa, mukupita nafe kuti? Akuchotsani ntchito."

"Bwerera pamzere, mwanawe. Malo ako ali pakati."

Zelifa anayang'ana kutsogolo. Anaona mlambe wong'ambika, kenaka kanjira kotsetsereka. "Ababa, njira iyi ndi yakwathu."

"Ndi yokhayo yomwe mapazi anga amaidziwa popanda maso. Pita pamzere."

Zelifa anabwerera, akupukuta m'maso, poti anadziwa komwe njirayo imathera.

Imathera pa mtsinje wa Dikirani. Kutsidya kwake kuli mudzi wa a Yotamu, kuno kuli tauni ndi zipatala. Pagombe, pansi pa mkuyu, pali mwala waukulu wolembedwa kuti Mlatho wa Dikirani, ndi dzina la a Chiyambi m'zilembo zotalika ngati chala. M'mabuku a boma mlathowo ulipo, ndipo chaka chatha anaupaka penti. Pamaso pa anthu panali madzi okhaokha, ofiira, akuyenda mwakachetechete.

A Yotamu anaima pafupi ndi mwalawo, koma mapazi akupondaponda pamalo amodzi kuti Mayi Dolofe asapeze ndime. Bandi inaleka yokha.

"Uwu mukuukumbuka, bwana?"

"Mlatho," anatero a Chiyambi, akupuma movutikira. "Zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo. Anandipatsa mbuzi."

"Mbuziyo inali yanga, bwana. Patatha zaka ziwiri mkazi wanga anali woyembekezera. Matenda atayamba, mtsinje unali utadzaza. Tinamuwolotsa amuna asanu ndi mmodzi, pamachira, madzi ali m'khosi. Tinachedwa. Tinafika pamwala pano mphamvu zitamuthera. Mwana anabadwira pompano, ali pamzerepo lero. Amake sanadzukenso."

Mtolankhani uja, kwa nthawi yoyamba chilembedwere ntchito, anasowa chonena, n'kuuza omvera kuti kwagwa vuto la mawaya.

A Chiyambi anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso. "Pepa, Yotamu. Nkhani imeneyi ndikaitula ku komiti."

"Zikomo, bwana," anatero a Yotamu. "Tiyeni tiwoloke pa mlatho wanu."

Anakweza Ndodo pamwamba pa mutu n'kulowa m'madzi.

A Chiyambi anayang'ana Mayi Dolofe. Mayi Dolofe anayang'ana m'buku. Bukulo silinanene kanthu za mitsinje. Phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Lachinayi lisanakwane a Chiyambi anali m'madzi, nsapato ndi masokosi omwe. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Mkanjo unayamba wayandama mokongola, kenaka unamwa madzi n'kuyamba kuwakokera kumunsi.

"Yotamu, ine sinditha kusambira."

"Amake mwana nawonso sankatha, bwana."

"Musaope ng'ona, bwana," anatero Anasibeko ali pagombe, akugulitsa mandasi. "Za muno n'zofatsa. Nazonso zinazolowera kudikira."

Madzi atafika pachifuwa, pomwe pankagona sizasi yagolide, a Chiyambi anakuwa. "Mayi mlembi, ndodo imeneyi imaima liti?"

Mayi Dolofe ananyambita chala, n'kutembenuza tsamba mosafulumira. "Ndime yakhumi ndi chimodzi. Ndodo imaima pamene Chansala akuveka ophunzira."

"Ndiwaveka. Yotamu, tiye kumtunda, ndikawavekere pouma."

"Kumtunda kuli gawo lachiwiri, bwana. Muwavekere pompano."

Mayi Dolofe anakwera pamwala wa mlatho n'kuyamba kuitana maina. Woyamba anapinda mkanjo, analowa m'madzi, a Chiyambi anamugunda chipewa pamutu. "Ndakuveka." Abale ake anaimba nthungululu pagombe. Lamulo linkati wophunzira agwade, koma mlembi anagamula kuti kuweramitsa mutu kukwanira. Mnyamata mmodzi yekha, wa maphunziro a malamulo, anaumirira kugwada; anasowa ndithu, chipewa chinagunda pamadzi, anavuuka uko akulavula mchenga, ndipo nkhani yoti ali ndi digiri kapena ayi ikukambidwabe m'makhoti.

Atafika pa anthu makumi asanu, a Chiyambi anawongoka, chizolowezi n'kuwagwira pakhosi. "Ndikuona kuti gawo loyamba la kuveka—"

A Yotamu anabwerera phazi limodzi chakuya. Lamulo linakoka a Chiyambi phazi limodzi. Madzi anawakhudza chibwano.

"Wotsatira," anatero a Chiyambi.

Koma a Yotamu nawo sizinali bwino. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, chiyambire m'mawa Ndodo ili m'manja, tsopano ili m'mwamba, miyendo ili m'madzi ozizira. Mapewa ankayaka moto. Ndodo ikagwa, mwambo wafa, ndipo onse otsala adikira komiti. Anthu pagombe ankaona mutu wamkuwa uja ukugwedezeka, ukutsika pang'ono, ukukweranso. Maina a B anatha, a C anachuluka ngati sadzatha, a D, a G, a J. Anasibeko analeka kugulitsa.

"Kamtedza, Zelifa," anaitana Mayi Dolofe.

A Yotamu anamva madzi akuphwanyika, koma kutsogolo kunali utsi wokhawokha. Kenaka mu utsimo munatuluka chinthu chakuda. Chinayandikira, chinakhala munthu, chinakhala mwana wawo, mphumi ya amake yeniyeni. Zelifa sanaime pomwe ankaima anzake. Anadutsa Chansala n'kukaima pakati pa iye ndi bambo ake, mpaka a Chiyambi anachita kutembenuka. Dzuwa la masana linali pankhope pake. Chipewa chofewa chija, chonyowa, chikudontha, chinakwera, n'kutera pamutu pake.

"Ndakuveka."

"Mwaona, ababa?"

"Ndaona, mwanawe. Ndaona bwinobwino." Misozi inatsika, ndipo analibe dzanja loipukutira. Anasangalala mkuluyo, chisangalalo chosakanikirana ndi chisoni, poti mwala uja unali pomwepo kumbuyo kwa mwanayo.

"Ndiye watha, eti?" ananong'ona a Chiyambi, mano akugundana. "Wako wavekedwa. Tiye tizituluka."

"Enawa nawo ali ndi makolo, bwana."

Zelifa sanatuluke m'madzi. Ndodo sakanaikhudza, koma buku silinaletse kugwira munthu. Anaima kumbuyo kwa bambo ake, n'kuchirikiza zigongono zawo ndi manja ake. Anakhala choncho kuyambira pa L mpaka pa mnyamata wotsiriza, Zuze, amene analowa m'madzi dzuwa litapendeka.

"Tsopano tsekani, bwana," anatero Mayi Dolofe.

A Chiyambi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anapisa dzanja m'thumba kufuna sizasi, anapezamo kankhanu. "Amanena bwanji?" anafunsa motsitsa.

"Nenani kuti, ndatseka mwambo uno."

"Ndatse... ndatsegu..."

"Ndatseka, bwana."

"Ndatseka mwambo uno," anatero a Chiyambi, ndipo anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene walankhula chilankhulo chachilendo mwangozi. Bandi inayamba nyimbo ya fuko, lipenga lalikulu likulavula fumbi.

Madzulo omwewo wailesi inalengeza kuti Chansala wayambitsa njira yatsopano yoperekera madigiri, yomwe mayiko ena abwera kudzaphunzira. Mfumu inalamula kuti apatsidwe mendulo. Nduna ya migodi itamva inayamba kufufuza phiri lina, poti inkadziwa kuti chinthu chotere sichingapite popanda mwala wachikumbutso. Koma izo ndi za kunyumba yachifumu.

Pagombe, anthu anamwazikana kukajambulitsa zithunzi ndi mikanjo yawo yonyowa. Ena anawakhazika a Yotamu pamwala wa mlatho, manja ali chikwezere, poti manjawo anakana kutsika. Anasibeko anachita kuwadyetsa mandasi pakamwa. A Chiyambi, posowa pena pouma, anakhala pambali pawo, akukhuthula madzi m'nsapato. Galimoto inali itatumizidwa, koma inatitimira pomwe phula linathera.

Ndodo inali pansi, pamchenga. Mwambo utatsekedwa inali mtengo wamba, ndipo Mayi Dolofe anafufuza buku lonse osapeza choletsa. Zelifa anaitola, anavula kapu n'kuisiya pamiyendo pa bambo ake, analowanso mumtsinje. Ankayenda pang'ono, kuzika Ndodo pansi, kuyang'ana pomwe madzi alekezera, kulemba padzanja ndi cholembera, n'kupitanso patsogolo. Atapitirira mapazi atatu, kwa a Yotamu anasanduka utsi.

"Wafika pati?" anafunsa mkuluyo.

"Pakati," anayankha Anasibeko. "Madzi ali m'khwapa. Akupitabe."

A Chiyambi anayang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. M'moyo wawo wonse wotumikira anali asanaonepo munthu akuchita zoterozo pamalo pomwe iwo anatsegulira.

"Yotamu, mwana wako akutani?"

"Akuyeza kuya kwa mtsinje, bwana. Akufuna adziwe pokhazika mizati."

"Oho." A Chiyambi anagwedeza mutu, nkhope n'kuyambanso kuwala pang'ono. "Ndi maganizo abwino amenewo. Umuuze kuti akakonzeka andiitane, ndidzamuyikire mwala."

A Yotamu anatsitsa dzanja limodzi pang'onopang'ono, likuwawa, n'kuligoneka pa kapu ya mwana wawo.

"Mwala ulipo kale, bwana," anatero. "Ndi womwe mwakhalirawu."